Kukaona nyanja ya mchere ndi ndalama zochepa: ulendo wa ku Ilha de Moçambique

Tsiku limene ndinawoloka koyamba mlatho wolowera ku Ilha de Moçambique, nyanja inali itathawa. Uku ndi uku kunali matope ndi mchenga wonyowa, amayi atawerama ndi mabeseni awo akutola nkhono, ngalawa zitagona chammbali pouma ngati eni ake anazitaya kalekale. Ndinakhumudwa. Ine ndinazolowera nyanja yathu ya ku Mangochi, imene madzi ake ukawasiya pamwala m'mawa umakawapeza pamwala pomwepo madzulo. Dzuwa litapendeka ndinabwereranso kumlathoko, ndipo ndinapeza ngalawa zonse zija zikuyandama. Pamene panawerama amayi aja panali madzi oyera mbee, akuya koti munthu wamtali n'kumira. Ndinatunga pang'ono m'manja n'kulawa. Mchere wake unaposa umene ndinkaganizira.

Anthu ambiri kwathu kuno amakalamba osaiona nyanja ya mchere, poganiza kuti ndi ya okhawo okwera ndege kupita ku Zanzibar kapena ku Durban. Chonsecho nyanjayi ili pa mtunda woti minibasi ndi sitima ya pamtunda zikhoza kukufikitsaniko. Ilha de Moçambique ndi kamzinda kakale kokhala pachilumba m'chigawo cha Nampula, m'dziko la Mozambique. M'litali chilumbachi ndi makilomita pafupifupi 3, ndipo m'lifupi sichipitirira theka la kilomita. Ndiye kuti mukangofika, nkhani ya thiransipoti yatha: paliponse mumapita wapansi. Ndalama za ulendowu zimathera panjira ndi pogona, ndipo amene wasamala pa ziwirizi akhoza kukhala pachilumbapo masiku asanu ndi ndalama zimene wina amamaliza usiku uwiri pa hotela ya m'mbali mwa nyanja kwathu konkuno.

Yambani ndi kalendala

Musapite nthawi ya dzinja. Kuyambira Disembala mpaka Epulo gombe limeneli limakhala panjira ya anamondwe. Namondwe wa Gombe, amene anatifikira ifenso mu Malichi 2022, anatulukira kumtunda m'boma la Mossuril, tsidya lina la chilumbachi. Mvula ikachuluka misewu imaduka, ndipo munthu wa ndalama zowerengeka akatsekeredwa masiku atatu panjira, tchuthi chathera pomwepo. Miyezi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Juni ndi Julayi kumakhala kamphepo kozizirira bwino, pomwe Okutobala kumatentha kale kwambiri.

Kenako werengani masiku moona mtima. Kuchokera ku Mangochi, ulendo wapansi umadya masiku awiri ndi theka popita, enanso awiri ndi theka pobwerera, ndipo a ku Blantyre, ku Zomba kapena ku Lilongwe awonjezerepo tsiku lofikira ku Mangochi ndi lina lobwerera kwawo. Ngati mwapatsidwa masiku asanu okha kuntchito, dikirani chaka china, chifukwa mudzangolipira misewu n'kubwerako ndi msana wowawa. Masiku khumi ndiwo amakwanira bwino: asanu panjira, asanu pachilumba.

Mvetseraninso nkhani pawailesi sabata yonyamukira. Chigawo cha Cabo Delgado, kumpoto kwa Nampula, chakhala pa nkhondo ya zigawenga kuyambira 2017, ndipo nthawi zina ziwembu zafikako m'maboma a kumpoto kwa Nampula monga Memba. Njira imene ndikufotokoza pano sidutsa kumeneko, ndipo musaiwonjezere ndi maulendo opita chakumpoto.

Pasipoti ndi ndalama

Mmalawi wokacheza ku Mozambique masiku osapitirira 30 safunika viza. Pasipoti yokha ndi yokwanira, bola ikhale ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo isanathe ntchito. Akakudindirani pachipata, musaiponye m'thumba musanaone. Tsegulani, onani kuti chidindo chilipo, tsiku lake ndi lolondola, ndiponso masiku amene akupatsani ndi angati. Jambulitsani tsamba la chithunzi chanu ndipo pepalalo likhale m'chikwama china. Ku Mozambique apolisi amafunsa mapepala pamsewu kawirikawiri, choncho pasipoti iziyenda nanu.

Ndalama ya kumeneko ndi metical, zikachuluka amati meticais. Kwacha imadziwika ku Mandimba ndi m'malire monse, koma mukangolowa mkati palibe amene angailandire. Ngati mungapeze madola kapena marandi kubanki kapena kumalo ovomerezeka osinthira ndalama musananyamuke, mabanki a ku Nampula amasintha. Khadi la kubanki lisakhale chidaliro chanu chokha. Ndi vuto la ndalama zakunja limene lilipo kwathu kuno, khadi likhoza kukana pamakina muli kutali ndi kwanu, choncho kafunseni kubanki kwanu ngati lidzagwire ntchito kunja ndiponso malire ake.

Pachipata mudzakumana ndi anyamata osintha ndalama atanyamula mipukutu m'manja. Ine mnyamata wina anandiwerengera mofulumira, zala zikuthamanga, ndipo nditakwera njinga n'kuwerenganso ndinapeza pepala limodzi analipinda pawiri n'kuliwerenga kawiri. Kuchokera tsiku limenelo lamulo langa ndi ili: mgwirizane mtengo, muulembe pafoni aliyense auone, mulandire ndalama zake, muwerenge nokha pepala limodzilimodzi, ndipo pomaliza mupereke zanu. Pemphani mapepala ang'onoang'ono, a 20, a 50 ndi a 100. Mayi wogulitsa buledi m'mawa sangakupezereni chenji cha 1000.

Mitengo ya magalimoto ndi zipinda imasintha mwezi ndi mwezi, ndipo ya pa intaneti nthawi zambiri imakhala yakalekale. Anthu odziwa mtengo wa lero ndi amalonda amene amapita ku Cuamba ndi ku Nampula kukapikula katundu. Mumsika wa ku Mangochi, ku Liwonde kapena ku Limbe simungalephere kupeza mmodzi. Safunsa anadya phula. Mukamva mitengo, gawani ndalama zanu m'maenvulopu anayi: ya ulendo wopita, ya ulendo wobwerera, ya pogona ndi chakudya, ndi ya zogwa mwadzidzidzi. Envulopu ya ulendo wobwerera muimate ndithu, ndipo isatsegulidwe ngakhale mutaona chitenje chokongola chotani.

Ngati n'kotheka musapite nokha. Anthu awiri, atatu kapena anayi amagawana chipinda, amagawana nsomba imodzi yaikulu, amagawana mtengo wa ngalawa. Amene muli pa chipereganyu kapena m'banki m'khonde, ulendowu ndi umodzi mwa zinthu zimene mungasungire limodzi miyezi ingapo.

Katundu

Chikwama chimodzi choti mukhoza kuchiika pamiyendo. Katundu wamkulu amalipiritsa m'magalimoto. Muikemo neti ya udzudzu ndi kachingwe, pakuti malungo kumeneko ndi ochuluka ngati kwathu, tochi, nsapato zapulasitiki zogwira chidendene zolowera nazo m'madzi, chipewa, sopo, chitenje, mtedza wokazinga, shuga ndi masamba a tiyi. Mapulagi a magetsi a ku Mozambique ndi a mabowo obulungira, osiyana ndi athu a makona, ndiye tchaja yanu sidzalowa popanda adaputala. Amagulitsa m'misika ya ku Cuamba ndi ku Nampula pamtengo wotsika.

Msewu

Njira imene ndimaikonda ndi yodzera ku Chiponde. Fikani ku Mangochi, mugone, ndipo m'mamawa mukwere galimoto yokwera mapiri kudzera ku Namwera mpaka pachipata. Mukadinditsa mbali yathu, a kabaza amakuwolotsani mpaka mbali ya Mozambique ndi kukufikitsani m'tauni ya Mandimba. Kuno Chiyao ndi Chinyanja zimamveka bwinobwino, choncho funsani zonse zimene mukufuna kudziwa musanalowe kumene Chipwitikizi ndi Chimakua zimalamulira. Gulaniponso simu khadi ya Vodacom kapena Movitel. Amalembetsa ndi pasipoti.

Minibasi kumeneko amaitcha chapa. Kuchokera ku Mandimba kupita ku Cuamba ndi makilomita pafupifupi 150, ndipo chapa sichinyamuka chisanadzaze. N'chifukwa chake ndikuti mufike pachipata m'mawa. Wofika masana amakhala m'galimoto yopanda anthu mpaka madzulo.

Mukafika ku Cuamba, musanafune n'komwe pogona, pitani kusiteshoni ya sitima mukafunse tsiku limene sitima ya anthu ikupita ku Nampula, chifukwa ndondomeko yake imasinthasintha. Ngati ikunyamuka mawa lake, gulani tikiti tsiku lomwelo. Imanyamuka m'bandakucha ndipo imatha tsiku lonse panjira ya makilomita pafupifupi 350. Ili ndi makalasi a mitengo yosiyana. Yotsika mtengo kwambiri imadzaza mpaka pakhomo, ndiye amene ali ndi ana kapena msana wovuta awonjezere pang'ono akwere yotsatira. Ngati sitima kulibe masiku awiri akubwerawa, musaidikire, chifukwa ndalama zimene mungapulumutse pa tikiti zidzathera pa chipinda. Kwerani chapa kapena basi, msewu wake ndi wa tala.

Koma mukaipeza sitimayo, ikwereni. Imadutsa pakati pa mapiri a miyala ikuluikulu yongoti njo pachigwa, ofanana ndi amene timaona ku Mulanje ndi ku Machinga koma ochuluka kuposa pamenepo. Ikaima pa Mutuáli, pa Malema, pa Ribáuè, mudzi wonse umathamangira kumawindo ndi madengu pamutu: anyezi, tomato, adyo, nthochi, chinangwa chophika, nkhuku yokazinga. Anthu a m'sitima amagula matumba athunthu kupita nawo ku Nampula, ndalama ikudutsa pawindo sitima itayamba kale kuyenda. Gulani anyezi ndi tomato wanu pamenepo. Pachilumba zinthu za kudimba ndi zodula chifukwa zonse zimachokera kumtunda.

A ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Phalombe akhoza kudzera ku Muloza, kulowa pa Milange, kupita ku Mocuba, kenako kukwera basi yopita ku Nampula. A Chilomwe ali ndi mwayi wina: Chimakua ndi Chilomwe ndi zinenero za pachibale, ndipo mawu ambiri adzawatola.

Ku Nampula mudzafika madzulo. Ndi mzinda waukulu, wa piringupiringu, ndipo foni simayenda nayo m'manja. Gonani pafupi ndi siteshoni, tengani kapena sinthani ndalama zokwanira masiku onse a pachilumba, ndipo m'mawa mukwere chapa cha ku Ilha. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 180, kudzera ku Namialo ndi ku Monapo. Musanakwere funsani kondakitala kuti, "Ilha directo?" Ena amakutengani n'kukakutsitsani pa Monapo kuti mukwere galimoto ina, n'kulipiranso. Mlatho wolowera pachilumba ndi wautali makilomita oposa 3 ndipo ndi wopapatiza, wodutsa galimoto imodzi, wokhala ndi malo opatukirana apo ndi apo. Magalimoto akuluakulu amathera kumtunda, ndipo kuchokera pamenepo mumakwera kagalimoto kakang'ono kapena njinga yamoto.

Pogona: apa m'pamene pamapulumukira ndalama

Chilumbachi chili ndi mbali ziwiri, ndipo muyenera kuzidziwa musanayambe kufunsa zipinda. Kumpoto kuli mzinda wa miyala, wa nyumba zakale za Apwitikizi, Aluya ndi Amwenye, zina zokonzedwa bwino kukhala mahotela, zina zogumuka mitengo ya nkhuyu itamera m'makoma. Kummwera, kumene mlatho umafikira, kuli Macuti, dzina lochokera ku masamba a mgwalangwa ndi kokonati ofolerera nyumba. Kumeneku n'kumene kumakhala anthu ambiri. Mukamayenda mumsewu waukulu mudzaona kuti madenga a ku Macuti ali m'munsi mwa msewu. Chifukwa chake n'chakuti miyala yomangira mzinda wa kumpoto ija inakumbidwa kumeneku, ndipo anthu anamanga m'maenje otsalawo.

Mahotela a mumzinda wa miyala amalipiritsa mitengo ya azungu. Koma pakati pawo, makamaka chakumalire kwa mbali ziwirizi, pali nyumba za alendo zing'onozing'ono ndi mabanja amene amabwereketsa chipinda chimodzi kapena ziwiri. Mawu oti muwagwire ndi quarto, ndiye chipinda, ndi pensão, ndiye nyumba ya alendo yotsika mtengo. Mukafika masana muli ndi nthawi. Mmodzi akhale ndi zikwama pamthunzi, wina azungulire nyumba zitatu kapena zinayi. Anyamata adzakuthamangirani kuti akuperekezeni. Ambiri ndi aulemu ndipo amadziwa malo, koma dziwani kuti kangachepe kawo kamalowa mumtengo wa chipinda, choncho gwirizanani nawo poyera zimene muwapatse.

Musalipire musanalowe m'chipindamo. Tsegulani mpopi muone ngati madzi akutuluka, chifukwa madzi ndi vuto lakale pachilumbachi. Palibe mtsinje, ndipo nyumba zakale anazimanga ndi madenga athyathyathya otolera madzi a mvula kupita m'zitsime za pansi pa nyumba. Ngati mpopi ndi wouma, funsani kuti ndowa amabweretsa kangati patsiku. Yang'anani neti ngati ilibe mabowo, fani ngati ikuzungulira, loko ngati akutseka. Kenako funsani funso lofunika kuposa onse: kodi mungagwiritse ntchito khitchini, kapena mbaula yokha? Nyumba yokulolani kuphika, ngakhale itakwererako pang'ono, ndi yotsika mtengo kuposa imene ikukukakamizani kudya kulesitilanti katatu patsiku.

Mukakhutira, nenani masiku onse amene mukhale ndipo pemphani kuti akuchotsereni. "Faz desconto" ndiwo mawu ake. Mwini nyumba amene wamva kuti mukhala masiku asanu amatsitsa mosavuta kuposa wa usiku umodzi. Lipirani masiku awiri oyamba, otsalawo muzilipira mukamapita, ndipo chilichonse chimene mwalipira chilembedwe papepala.

Kudya

M'mawa gulani pão, timabuledi tating'ono tokhala ndi khungu lolimba totuluka mu uvuni kukamacha, ndi badjia, tizitumbuwa ta nyemba tokazinga. Mukang'amba buledi n'kuikamo badjia ziwiri, ndi tiyi wa masamba amene mwabwera nawo, mwadya chakudya cha m'mawa cha eni dziko pa ndalama zochepa zedi.

Masana musavutike. Nsima iliko, amaitcha xima, ndipo mpunga wophikira mkaka wa kokonati uli paliponse. M'tinyumba todyera ta ku Macuti ndi pafupi ndi msika mbale ya mpunga kapena nsima ya nsomba ndi ya mtengo wa anthu wamba. Lawani matapa. Ndi chigwada chomwechi chimene timadya kwathu, koma amachisinja kwambiri n'kuchiphika ndi mtedza ndi kokonati, nthawi zina n'kuponyamo nkhanu. Pachilumba pano palinso matapa de siri-siri, ophikidwa ndi kamasamba kena komera m'mphepete mwa nyanja, kothira mtedza wa kashu. Kameneka ndi koyenera kukalipirira kulesitilanti kamodzi.

Madzulo ndiye nthawi ya nsomba. Ngalawa zikamakocheza, pitani kugombe kapena kumsika wa nsomba muime kaye pambali. Musafunse mtengo msanga. Onani mayi wa pachilumba pomwepo akugula, muone ndalama imene wapereka ndi mulu umene walandira. Mukatero mwadziwa poyambira. Nsomba za m'nyanja ya mchere zambiri simudzazidziwa maina, koma maso a munthu wodziwa chambo sasochera: diso loyera, makha ofiira, mnofu wolimba ukaudina. Lula ndi polvo, zija za miyendo yambiri, zikhoza kukuchititsani nthumanzi poyamba. Lula amapsa msanga ndipo akakhalitsa pamoto amalimba ngati mphira. Amene sanadyepo nkhanu ndi zina za m'zigoba ayambe ndi pang'ono, chifukwa anthu ena matupi awo amadana nazo. Ngati simukudziwa kaphikidwe, mayi wa panyumba imene mukugona akhoza kukuphikirani mukagwirizana kangachepe, ndipo nsomba ikakhala yaikulu n'chinthu chaulemu kuti banjalo lidyeko.

Madzi akumwa gulani chigubu chachikulu cha malita asanu muzithira m'botolo lanu, kapena wiritsani. Timabotolo ting'onoting'ono timadya ndalama mosaoneka.

Nyanja iyi si ya kwathu

Apa ndichedwepo, chifukwa ife odziwa kusambira pa Nkopola kapena pa Senga Bay ndi amene timadzidalira mopitirira. Nyanja ya mchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Kuchokera pamene yaphweratu kufika pamene yadzaziratu pamapita maola pafupifupi asanu ndi limodzi, ndipo tsiku lililonse nthawiyo imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa, madzi amathawa kutali kwambiri ndiponso amabwerera ndi mphamvu. Munthu akhoza kuyenda pamchenga wouma kutsatira nkhono, osadziwa kuti kumbuyo kwake madzi adzaza kale khwawa limene anadutsa. Choncho m'mawa uliwonse funsani msodzi kapena mwini nyumba kuti madzi adzaza nthawi yanji. Mawu ake ndi maré cheia, madzi odzaza, ndi maré baixa, madzi ophwa.

Sambirani madzi akadzaza, chakumpoto pafupi ndi linga lakale la Apwitikizi, kumene ana a pachilumba ndi alendo ena akusambira. Valani nsapato zapulasitiki zija, popeza pansi pali miyala yakuthwa ndi tizilombo tobulungira ta minga yakuda imene imathyokera m'phazi. Pakamwa ndi m'maso mcherewo umawawa tsiku loyamba, koma mudzaona kuti madziwo amakunyamulani kuposa a kwathu. Mukatuluka dzitsukuluzeni ndi madzi abwino.

Ndinenenso ichi poyera. Magombe ena a mbali ya Macuti si osambirako. Anthu ndi ochuluka pamalo ochepa, nyumba zili m'maenje momwe chimbudzi chokumba chimakumana ndi madzi msanga, ndiye ena amadzithandiza kugombe kuti nyanja ikadzaza ichotse. Musanyoze kapena kuloza chala. Ndi umphawi ndi kuchepa kwa malo, zimene ifenso tikuzidziwa m'madoko athu ena. Ingodziwani koyenera kusambira.

Zoona, zaulere ndi zolipira

Zambiri pachilumbachi n'zaulere. Dzukani m'mamawa, pakuti kuno kumacha msanga kuposa kwathu ngakhale wotchi ndi imodzimodzi, ndipo muzungulire chilumba chonse dzuwa lisanakwere. Mudzaona amisiri akukhoma ngalawa ndi nsompho, chipatala chachikulu chakale cha m'chaka cha 1877, mzikiti wobiriwira m'mbali mwa nyanja, kachisi wa Ahindu, ndi amayi odzola mussiro kumaso, phala loyera lochokera ku mtengo wopera pamwala. Mukamva ng'oma madzulo, mwina ndi gulu la amayi likuyeserera tufo, gule wawo wovina atavala zitenje ndi mipango yofanana.

Anthu ambiri pano ndi Asilamu. Kwa eni kulibe mkuwe: zovala zosambira zithere kugombe, mumsewu amayi amange chitenje, abambo avale malaya. Perekani moni musanafunse kanthu, "bom dia" m'mawa, "boa tarde" masana. Musajambule munthu musanapemphe. Lachisanu masana ndi m'mwezi wa Ramadani malo ena odyera amatseka, ndiye gulirani zakudya nthawi ilipo.

Malo olipira oti musawaphonye ndi awiri. Loyamba ndi linga la São Sebastião kunsonga ya kumpoto, limene anayamba kumanga mu 1558. Kuseri kwake, pamwala woyang'ana nyanja, kuli katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte ka m'chaka cha 1522, kamene kamatengedwa kuti ndi nyumba yakale kuposa zonse zomangidwa ndi Azungu zimene zikadalipo kummwera kwa dziko lapansi. Lachiwiri ndi nyumba yofiira ya São Paulo, yomangidwa mu 1610 ngati sukulu ya ansembe a Chijezwiti, imene inadzakhala nyumba ya bwanamkubwa ndipo lero ndi yosungiramo zinthu zakale. Vasco da Gama anafika pachilumbachi mu 1498 n'kupeza kale doko la amalonda a Chiswahili ndi Aluya. Kamzinda aka kanali likulu la Apwitikizi ku Mozambique mpaka 1898 pamene analisamutsira ku Lourenço Marques, amene lero ndi Maputo, ndipo dziko lonse la Mozambique linatenga dzina kuchokera pano. Bungwe la UNESCO linaika chilumbachi m'kaundula wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 1991.

Pali malo ena amene Mmalawi ayenera kuimapo mwakachetechete. Ndi Jardim da Memória, munda wokumbukira akapolo, m'mbali mwa nyanja. Njira za malonda zochokera kunyanja yathu, zimene amalonda a Chiyao ankadzera ndi minyanga ya njovu, zinkathera pagombe limeneli, ndipo pambuyo pake m'njira zomwezo munadutsa anthu ogwidwa. Ambiri anakwezedwa zombo kupita kuzilumba za m'nyanja ya India monga Réunion ndi Mauritius, ena ku Brazil. Ine nditaima pamenepo ndinaganiza za mtunda umene ndinayenda masiku awiri ndi theka nditakhala pampando, kuti ena anauyenda wapansi, goli lili m'khosi, ndipo nyanja imene ine ndinaisungira ndalama kuti ndidzaione iwo anaiona tsiku lotsanzika dziko lawo.

Anyamata ena amagulitsa mikanda yakale ndi zidutswa za mbale zimene amati anazitola m'zombo zomira. Zisiyeni. Ngati ndi zenizeni ndi chuma cha mbiri ya dzikolo ndipo zikhoza kukuvutitsani pachipata. Mphatso yabwino yopita nayo kunyumba ndi chitenje, chimene kuno amati capulana, ndi mtedza wa kashu, umene chigawo cha Nampula chimalima kwambiri. Zonsezi n'zotsikirako mtengo ku Nampula kuposa pachilumba.

Tsiku limodzi la ngalawa

Ngati envulopu ya chakudya yatsalako, gwiritsani ntchito pa ulendo umodzi wa ngalawa ya thanga. Mukhoza kupita ku kachilumba ka Goa, kamene kali ndi nsanja yakale younikira zombo, kapena kuwolokera kumtunda ku Cabaceira ndi ku Chocas Mar, kumene kuli mchenga woyera wautali. Mtengo ndi wa ngalawa yonse, ndiye funsani alendo ena a m'nyumba mwanu ngati angaphatikizane nanu. Kambiranani ndi mwini ngalawa weniweni dzulo lake, ndipo mumvane zinthu zinayi: mtengo wopita ndi kubwerera, nthawi yonyamuka, nthawi yobwerera, ndi majekete oyandamitsa okwanira aliyense. Ngati majekete palibe, musakwere, makamaka muli ndi ana. Perekani theka ponyamuka, theka mukabwerako. Akakuuzani kuti lero mphepo si yabwino, kapena kuti tibwerere tsopano madzi asanaphwe, mverani, iye ndiye akuidziwa nyanjayo. Nyamulani madzi ambiri ndi chakudya chanu, pakuti ku Goa kulibe sitolo. Pakati pa Julayi ndi Okutobala anamgumi amadutsa m'nyanjayi, ndipo a mwayi amawaona akutulutsa mpweya chapatali.

Kubwerera

Magalimoto opita ku Nampula amanyamuka pachilumba usiku kusanache. Dzulo lake pitani kumene amaima, chakumlatho, mulankhule ndi dalaivala kapena kondakitala, mutenge nambala yake, ndipo mumuuze pamene mukugona. Malizani kulipira chipinda madzulo omwewo, longedzani, tchajani foni, ndipo muuze mwini nyumba nthawi imene mutuluke kuti akutsegulireni chitseko. Mukafika ku Nampula m'mawa, pitani kusiteshoni mukafunse za sitima ya ku Cuamba musanapite kumsika wa zitenje, ndipo pamenepo m'pamene mungatsegule envulopu yomata ija. Meticais otsala muwathere ku Mandimba kapena muwasinthe musanawoloke, n'kusungako ochepa olipira wa kabaza wokufikitsani pa Chiponde.